Mmene Anamangira Bangwe wa Che Bakali ku Ndirande

Limbe, 2 Okutobala 1995

Achimwene a Kassimu,

Salaamu aleikumu. Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu a Fatuma ndi ana. Kuno tilipo. Amuna anga a Sadiki akupitabe ku ntchito kwawo kusitolo, ine ndili pa makina anga osokera pakhonde lomwe lija kuseri kwa msika. Chimene chikundisowetsa mtendere ndi nkhani ya nyanja. Pa wailesi akuti Chilwa yaphwa, koma a pa wailesiwo ku Kachulu sanapondeko. Mundiuze inu. Ngalawa ya ababa ili pati? Nanga iwo akudya? Chichokereni amama sindikhulupiriranso akamati ali bwino.

Tsopano chimene ndalembera. Mukukumbukira kaseti ija ndinajambula pa Idi, ababa akuliza bangwe wawo pakhonde? Ndimaiika ndikamasoka. Lachinayi lapitali kunabwera bambo wina kudzachepetsa thalauza, dzina lawo a Wilisoni. Ali ndi malo oimbirako magulu a nyimbo ku Ndirande, amawatcha Kumthunzi. Anaima mpaka nyimbo inatha, thalauza ili m'manja, kenako anafunsa kuti akuimbawa ndani. Ndinati ndi bambo anga ondibereka, Che Bakali a ku Kachulu. Akuti pa 5 Novembala, Lamulungu masana, kwawoko kudzabwera gulu lalikulu la magitala, ndipo akufuna ababa ndiwo adzayambe. Nyimbo zitatu kapena zinayi, pa chimkuzamawu, anthu mazanamazana akumva.

Achimwene, ababa aliza bangwe uja zaka makumi anayi, ndipo omvera awo akhala asodzi otopa ndi ife ana. Ndikufuna kamodzi kokha aimbe pamalo poti anthu akhala pansi chifukwa cha iwo. Muwawerengere kalatayi yonse, osadumpha. Adzafikira kunyumba kwathu.

Ine mchemwali wanu,
Rahima

Kachulu, 16 Okutobala 1995

Mchemwali wanga Rahima,

Wa aleikumu salaamu. Kalata yako ndinalandira. Tonse tilipo, Fatuma ndi ana akuti moni.

Za nyanja, wailesi siikunama. Padoko pamene unkatsukira matemba pano pali ming'alu yoti dzanja likulowa lonse. Anthu akupita ku chilumba cha Chisi wapansi, ena panjinga. Ngalawa ya ababa yagona chammbali pa matope ouma, ndaifunditsa njedza kuti dzuwa lisaing'ambe. Asodzi ambiri athawira ku Malombe. Ine ndapeza kamunda ka mpunga ku sikimu ya Likangala, koma mtsinjewo nawonso ukungodontha. Ababa akadzuka ndi kuswali amakakhala pambali pa ngalawa mpaka dzuwa liwathamangitse.

Kalata yako sindinawawerengere, ndipo sindiwawerengera. Ndafunsa a Bizweki oyendetsa minibasi ya ku Zomba, iwo Ndirande amaidziwa. Akuti Kumthunzi ndi malo a mowa. Iwe ukufuna munthu amene amaima mzere woyamba mumzikiti akaimbire anthu oledzera? Kuno adzati nyanja itauma ana a Che Bakali anatenga bambo awo n'kukawapemphetsa m'mabala. Wakhala m'tauni zaka zisanu ndi chimodzi, waiwala mmene pakamwa pa anthu akuno pamathamangira. Ngati ukufuna kuwasangalatsa, bwera udzawaone ndi maso. Uwauze a Wilisoni akowo kuti ababa akana.

Ndine mchimwene wako,
Kassimu

Limbe, 24 Okutobala 1995

Achimwene,

Moni nonse kumeneko. Ndathokoza pondiuza za nyanja, ndinalira nditawerenga. Zinazo sindikuthokozani.

Sindingauze a Wilisoni kuti ababa akana pamene sanafunsidwe n'komwe. Limenelo ndi bodza, ndipo mukufuna ndilinene ine m'malo mwanu. Ababa si mwana wanu. Maso awo ndiwo afooka, mutu uli bwinobwino. Mukuti amakhala pambali pa ngalawa tsiku lonse, ndiye inu mukuona ngati kumeneko ndi kuwasunga?

Mwambowu ndi wa masana. A Wilisoni andilonjeza ndi pakamwa pawo kuti pali denga, pali mipando, pali chipinda chopumuliramo oimba, ndipo omwa amakhala mbali yawo. Ababa anaimbapo pa maukwati a Akhristu ku Likangala pamene mowa unali m'mitsuko, sanaumwe, ndipo palibe anawachotsa mzere woyamba.

Dzulo ndakumana ndi Mai Malita, oyandikana nanu nyumba aja, atabwera kudzagulitsa mpunga kuno kumsika. Ndawauza zonse kuti akawauze ababa pakamwa. Pofika kalata ino adzakhala atamva kale. Akakana okha, ndidzakhala chete. Mukwiye, koma mundiyankhe.

Rahima

Kachulu, 31 Okutobala 1995

Rahima,

Tilipo. Mai Malita anafikitsa uthenga wako, ndipo anaufikitsa ine ndili pomwepo. Ababa sanandikalipire. Anangondifunsa kuti kalatayo ili kuti, ndinaitulutsa, ndinawerenga yonse.

Akubwera. Kuyambira tsiku limenelo sanapitenso ku ngalawa. Achotsa nsambo zonse zisanu ndi ziwiri za bangwe, aika zatsopano za waya wa mabuleki a njinga, ndipo chitini chimene amalowetsamo thabwa la bangweyo kuti mawu akule achikwecha ndi phulusa. Fatuma wawachapira mkanjo woyera uja. Anyamuka Loweruka ndi minibasi yoyamba, ku Zomba akakwera basi ya ku Limbe. Ukawadikire padepoti.

Ine maganizo anga sanasinthe. Wawaitana ndiwe, ali m'manja mwako. Abwerere kuno Lolemba ali ndi ulemu umene achoka nawo.

Kassimu

Limbe, 7 Novembala 1995

Achimwene,

Moni kwa inu, alamu ndi ana. Pofika ino ababa akhala atakuuzani zina, koma mukuwadziwa, anena mawu atatu basi. Ndiye ndikufuna mumve zonse kwa ine, osati kwa a Bizweki.

Tinafika ku Kumthunzi nthawi ya 11 koloko m'mawa monga anatiuzira. A Sadiki anali ku ntchito, tinapita awiri. Geti linali lokhoma. Pachikwangwani analemba dzina la gulu la magitala lija ndi zilembo zazikulu, pansi pake n'kulemba kuti “ndi mdala wina wa ku Zomba.” Ababa anandifunsa kuti palembedwa chiyani. Ndinati palembedwa kuti mukuimba lero.

Anatsegula cha m'ma 1 koloko. Mkatimo ndi bwalo la fumbi lozingidwa ndi malata. Denga lilipo pamwamba pa malo ogulitsira mowa pokha. Mipando inali isanu ndi itatu, iwiri yothyoka. Nsanja yoimbirapo ndi matabwa oyalidwa pa makireti a mabotolo. Chipinda cha oimba chija ndi mosungira makireti omwewo, ndipo makiyi ake anali atapita ndi munthu wina kukagula mafuta a jenereta. Chimbudzi chinali chokhoma, makiyi ake ali ndi munthu yemweyo. Nthawi ya swala itakwana ababa anapempha madzi. Mlonda anati madzi kulibe, kuli zakumwa zogula. Mayi wina wokazinga tchipisi mkati momwemo, dzina lake Virginia, ndiye anatipatsa madzi a m'chigubu chake, n'kuwayalira ababa katoni kuseri kwa chitofu kuti aswali.

A Wilisoni anatulukira itadutsa 3 koloko, anthu atadzaza, ambiri atayamba kale kumwa ndipo akukuwa kuti nyimbo zili kuti. Gulu la magitala linali lisanafike. Moni sanapereke. Anayang'ana ababa kuyambira kumutu mpaka kumapazi nati, “Mdala, mkanjowu ndi chisotichi muvule. Anthu akufuna za chikhalidwe. Ndili ndi chikopa cha mbuzi ndi nthenga, muvale zimenezo.”

Ababa anati, “Bwana, ine ndine msodzi. Chikopa chimenecho mwini wake ndi mbuzi.”

“Ndiye mukaoneka ngati mukupita ku maliro.”

“Ndikaoneka ngati Bakali,” anatero ababa, n'kukwera pansanja.

Achimwene, anakhala pa kireti, dzuwa lili kumaso. Atayandikira chimkuzamawu chinawagwira magetsi pamlomo mpaka anadzidzimuka, anthu n'kuseka. Wolengeza anati, “Nawa agogo a matemba, nyanja yawathawa ndiye abwera kuno.” Anasekanso. Ine ndinafuna kukwera kukawatsitsa, koma anandiyang'ana, ndinadziwa kuti ndikhale pomwe ndili.

Anayamba ndi nyimbo yatsopano, yotchula madoko onse amene auma, Kachulu, Mchenga, Mposa, ndi asodzi amene anachoka. Chimkuzamawu chinali chimodzi chokha, chapakamwa, ndiye bangwe sankamveka kumbuyo. Komabe amene anali kutsogolo anayamba kukhala chete. Bambo wina pafupi nane anaika botolo pansi nati kwawo ndi ku Mposa. Ndime yoyamba inatha, yachiwiri ili pakati, a magitala aja anafika. Sanadikire. Anakwera pansanja pomwepo n'kuyamba kulumikiza mawaya awo kumbuyo kwa ababa, wina akuyesa ng'oma, wina gitala. Ababa anapitiriza. Kenako chisipika chimodzi chinalira ngati nkhumba, chinatulutsa utsi, zonse n'kuzima.

Anthu anayamba kugenda mabotolo. A Wilisoni anathamangira pansanja, ndipo pofuna woti amuloze, analoza ababa. Akuti anaponda waya. Ababa mapazi awo anali pamodzi pansi pa mkanjo nthawi yonseyo, ine ndinkaona. Anawalanda bangwe m'manja pamaso pa anthu onse, nati satuluka mpaka chisipika chikonzedwe. Makiyi aja tsopano anapezeka msanga. Bangweyo anamuponya m'chipinda cha makireti n'kukhoma.

Ndinakuwa mpaka mawu anandithera. Ndinawagwira malaya a Wilisoni, alonda awiri n'kundikankhira kugeti. Ababa anatola chisoti chawo chimene chinagwa, anachikung'untha, nati, “Tiye, mwananga.” Kunyumba anadya pang'ono. Dzulo m'mawa ndinawaperekeza kudepoti, anati ndisadikire basi inyamuke, ndikatsegule makina.

Tsopano ndikudziwa chimene mukufuna kulemba, kuti munanena. Musavutike. Ndinalakwa kukhulupirira pakamwa pa munthu osapita kukaona malowo ndi maso anga, chimenecho ndikuvomera, ndipo ndidzapepesa kwa ababa, osati kwa inu. Koma kuimba kwawo sikunali kolakwa. Amene anachita manyazi pamenepo si munthu amene anakhala pa kireti. Bangweyo ndikamutenga ndekha sabata ino ndipo ndidzamupatsira Mai Malita. Mundiuze mmene afikira.

Rahima

Kachulu, 9 Novembala 1995

Rahima,

Ndilibe nthawi ya moni wautali. Ababa ali kuti?

Tinagwirizana Lolemba. Lolemba ndinadikira minibasi zonse mpaka yomaliza, sanatsike. Lachiwiri chimodzimodzi. Ndinaganiza kuti wawasunga kuti apume, koma bwenzi utatumiza mawu. Kalata yochokera kwa iwe sindinalandire. Dzulo a Bizweki abwera ndi nkhani imene anamva ku Zomba, yoti ku Ndirande kunali chipolowe Lamulungu, mabotolo akuuluka, ndipo mdala wina wa mkanjo anamukoka pansanja. Nkhaniyi yafika kale kumzikiti. Fatuma sakupitanso kuchitsime masana chifukwa cha mafunso.

Ngati avulala, undiuze, usandibisire. Ngati ali m'chipatala, unene chipatala chake. Ngati ukuwabisa chifukwa ukuopa kuti ndiona zimene wawachititsa, dziwa kuti ndidzaziona ndithu. Kalatayi ndapatsira Mai Malita kuti akupatse m'manja. Lachitatu likudzali ndikapanda kumva kanthu ndikubwera ndekha, mpunga wa kusikimu uume ngati ukuuma.

Kassimu

Limbe, 14 Novembala 1995

Achimwene,

Ababa ali moyo, sanavulale, ndipo pamene ndikulemba akumwa tiyi pakhonde panga. Yambani mwapuma kaye, kenako muwerenge zotsalazi.

Mai Malita anachedwa ndi mpunga wawo, kalata yanu inandipeza dzulo m'mawa. Ine ndinkadziwa kuti ali kwanu sabata yathunthu. Ndinasiya diresi la munthu pa makina, ndinathamangira kudepoti. Makondakitala a basi za ku Zomba palibe anawakumbukira. Ndinapita kuchipatala, ndinayang'ana bedi ndi bedi m'chipinda cha abambo. Ndikutuluka m'pamene ndinadzifunsa kuti, kodi ababa anayamba apita kuti osanyamula bangwe?

Ndikuuzeni zoona. Ndinalemba kuti ndikamutenga sabata yomweyo, koma sindinapite. Tsiku lililonse ndinkati mawa. Ndinkachita manyazi kuonanso geti lija.

Ndinafika ku Ndirande masana. Ndisanaone malowo ndinamva anthu akuimba. Kutsidya kwa msewu, moyang'anana ndi geti la Kumthunzi, panali gulu la anthu, amayi ogulitsa tomato, okonza njinga, ena ongodutsa. Pakati pawo panali ababa, atakhala pa njerwa, mkanjo utada ndi fumbi, akuomba chitini chamafuta ndi zala. Nyimbo yake inali iyi:

A Wilisoni anandiitanira kumthunzi,
ndinapeza dzuwa litakhala pampando.
Anati ndiimbe, ndinaimba,
wolakwa anapezeka thabwa.

Ndipo anthu onse ankavomera kuti, “Masulani thabwa, a Wilisoni, masulani thabwa.”

Atandiona sanasiye. Anamaliza kaye, kenako anati, “Wabwera? Khala apa.” Ndinafunsa kuti bwanji simunandiuze. Anati, “Ukanandikweza basi.” Lolemba lija nditangotembenuka anatsika m'basi muja, n'kufunsa njira ya ku Ndirande. Akhala akugona kumzikiti wa kumeneko, m'mawa uliwonse n'kudzakhala pa njerwa ija mpaka dzuwa kupendeka. Amayi a tomato ndiwo ankawapatsa chakudya. Alonda anawathira madzi Lachitatu, anawanyamula Lachinayi n'kukawasiya kumsika, iwo anabwerera. Akuti Loweruka ndi Lamulungu kunali gulu lina loimba mkatimo, koma anthu ambiri anaima panja, ndipo amene analowa ankakuwa za thabwa gulu lija likuimba.

Ndinawoloka msewu n'kulowa. Mlonda anafuna kunditsekereza, ndinamuuza kuti andigwire aone. A Wilisoni anali pansi pa denga lawo lija. Anati, “Mayi, katengeni bambo anu, akundiwonongera malonda.”

Ndinati, “Ine sindinabwere kudzawatenga. Mawa ndikubwera ndi makina anga, ndidzasokera pambali pawo. Ndili ndi makasitomala ambiri, ndipo onse ali ndi pakamwa.”

Anayambanso za chisipika. Apo ndi pamene Virginia, mayi wa tchipisi uja, anasiya chiwaya nati, “Bwana, chisipika chimenecho chinayamba kufuka mu Ogasiti. Munachimanga ndi nsanza ine ndikuona.” A Wilisoni anati atseke pakamwa ngati akufuna malo ake. Iye anati, “Mbatata ndi zanga, chiwaya ndi changa. Msewu ndi waukulu.”

A Wilisoni anaponyera mlonda makiyi. Mlonda anatulutsa bangwe n'kupita naye kutsidya. Ababa sanatambasule dzanja. Anati, “Amene anatenga ndi amene abweze.” Mlonda anabwerera naye. Anthu anayambanso kuimba, tsopano akuomba m'manja, minibasi zikuima kuti okwera aone. A Wilisoni anatuluka okha, anawoloka msewu, anafuna kumuika pansi. Ababa anati, “M'manja. Munatenga m'manja.” Anawapatsa m'manja, osayang'ana munthu, n'kubwerera mofulumira.

Nsambo ziwiri zinali zitaduka, chitini chitaphwanyika mbali imodzi. Ababa anachiwongola ndi mwala, anakunga nsambo zisanu zotsalazo, nati kwa anthu aja, “Ndinali ndi nyimbo imene sindinamalize.” Anaiyamba pachiyambi, ija ya madoko, mpaka kumapeto, popanda chimkuzamawu. Msewu wa Ndirande mukuudziwa phokoso lake, koma amene anaima pafupi anamva liwu lililonse. Atafika potchula Kachulu ndi dzina la amama, ine ndinaphimba nkhope ndi mpango.

Virginia anatulutsadi chiwaya chake madzulo omwewo. A Sadiki akumufunira malo pafupi ndi khonde langa.

Ababa anyamuka Lachinayi, ndipo ulendo uno ndikwera nawo mpaka ku Zomba, ndikawaone akulowa minibasi ya a Bizweki. Kalatayi Mai Malita afika nayo mawa. Musasiye mpunga. A kumzikiti amene akufunsa muwawerengere yonse, ngakhale pamene ndavomera kulakwa kwanga. Sindikubisa kanthu.

Rahima

Kachulu, 27 Novembala 1995

Rahima,

Salaamu aleikumu. Dzanja ndi langa Kassimu, koma mawu ndi a ababa. Akhala pano pambali panga ndipo akuti ndikamaliza ndiwawerengere, aone ngati ndadumpha.

Akuti: Mwananga, ndinafika bwino. Moni kwa amuna ako, ndi kwa mayi uja wa madzi, umuuze kuti sindinamuiwale pa dua ndikamapemphera. Wandipepesa kudepoti, wandipepesa mu basi, wandipepesanso ku Zomba. Basi, zakwana. Amene anandikhazika padzuwa si iwe. Iwe unandichotsa pambali pa ngalawa, pamene ndinkadikira madzi ngati munthu wodikira maliro ake.

Akuti ndilembenso kuti ine Kassimu ndinalakwa kubisa kalata ya munthu wamkulu. Ndalemba. Akuti iwenso unalakwa kuwanamiza zimene zinali pachikwangwani, chifukwa amayi a tomato anawawerengera. Akuti tonse awiri tili ndi matenda amodzi, owasankhira zoti amve.

Akuti: Usamve chisoni ndi masiku asanu ndi atatu aja. Sindinapemphe munthu kanthu. Ndinapita kukatenga changa. Bangwe ameneyu thabwa lake ndinalisema kuchokera ku ngalawa ya bambo anga itasweka, iwe usanabadwe. Ndikanabwerera wopanda iye, ndikanawauza chiyani anthu akuno, kuti nyanja yatenga nsomba, tauni yatenga nyimbo, ine ndangobwera ndi mkanjo?

Apa ndiwonjezere zanga. Kalata yako ndinaiwerenga panja pa mzikiti Lachisanu titatha kuswali. Alipo awiri atatu amene akunenabe kuti munthu wamkulu sakanayenera kuponda malo otero. Ababa anawayankha okha. Ena onse akufuna kumva nyimbo ya thabwa, ndipo yafika kale kusikimu, amayi akuimba akupalira. Ine sindinasinthe maganizo pa za malo a mowa, usaganize kuti wapambana zonse. Koma ndikanakhala ine tsiku lija, ndikanabwerera kuno chimanjamanja n'kumadandaula chaka chathunthu. Chimenecho ndachiona.

Tsopano nkhani yomaliza, imene akuti uyankhe m'malo mwawo. Loweruka a Bizweki anabwera ndi kakalata kochokera kwa a Wilisoni. Akuti anthu akufunsa za mdala wa thabwa, ndiye zakale ziiwalike, ababa akaimbe pa Khirisimasi, dzina lawo adzalilemba pamwamba. Ndinawawerengera konse.

Yankho lawo ndi ili, ndipo akuti ukalinene pageti, usalowe mkati. Ku Kumthunzi sadzapondakonso. Pa 17 Disembala akaimba ku Chisi pa ukwati wa Salma, mwana wa Che Hussein. A Wilisoni ngati akufunadi kuwamva abwere kumeneko. Atsike minibasi pa Kachulu, kuchokera apo ndi wapansi, maola awiri pa matope ouma, ndipo mtengo palibe ngakhale umodzi. Akafika tidzawapatsa moni, madzi akumwa ndi mphasa, ndipo palibe adzawauze kuti avule chilichonse.

Iwenso akuti ubwere. Utenge nsapato zolimba.

Ndawawerengera. Akuti sindinadumphe.

Mchimwene wako,
Kassimu